Galu wanga wakale sakumufuna mlendo amene ndabwera naye

NaPhiri_Area25

Abale amene mumaweta agalu, ndithandizeni nzeru. Pakhomo pano tili ndi Tiger, galu wamphongo wa zaka 6, tinamulera kuyambira ali kamwana. Sabata yatha ndinakatenga galu wamkazi kumalo osungira agalu osowa eni ake kuno ku Lilongwe. Tinagwirizana kuti ndiyambe ndamusunga kwa mwezi umodzi, zikayenda bwino akhale wathu mpaka kalekale. Tamutcha Popi. Anamutola m'mbali mwa msewu nthiti zikuwerengeka, koma pano thupi layamba kubwerera. Anamutseka kale kuti asabereke, katemera wa chiwewe anabayidwanso, khadi lake ndili nalo.

Vuto ndi Tiger. Masana alibe naye ntchito, koma nthawi ya chakudya ikakwana amaima pakati pa mbale zonse ziwiri n'kumadzuma, mano ali pamtunda. Popi amangogona chagada mpaka kudzikodzera. Dzulo ndikumusisita pakhonde, Tiger anabwera n'kumuluma khutu, magazi anatuluka pang'ono. Bambo akunyumba akuti ndimubweze asanaphedwe. Ine mtima sukulola, chifukwa kagaluka kayamba kale kundilondola paliponse. Kodi agalu otere amadzazolowerana?

Bambo_a_Yankho

Mayi, musathamangire kumubweza. Wamphongo ndi wamkazi sachedwa kugwirizana. Nkhondo yovuta kuithetsa imakhala ya akazi awiri kapena amphongo awiri amisinkhu yofanana. Komanso galu wamkulu akafunadi kupha sagwira khutu n'kusiya. Uko kunali kuchenjeza.

Choyamba, lekani kuwadyetsera pamodzi. Wina adyere kukhitchini chitseko chotseka, wina kuseri kwa nyumba, ndipo akamaliza chotsani mbale zonse, ngakhale zopanda kanthu. Mafupa asapezeke pabwalo mwezi uno wonse. Kwathu ndimaphika madeya ndi bonya mumphika umodzi, koma aliyense amadyera kwake ngakhale akhala limodzi zaka zambiri.

Chachiwiri n'chimene anthu ambiri safuna kumva: Tiger akadzuma musamumenye. Kudzuma ndiko kulankhula kwake. Mukamukwapula chifukwa chodzuma, amaphunzira kuluma mosachenjeza, ndiponso amaona kuti mlendoyu akayandikira, ndodo imabwera. Mukafika pakhomo yambani mwamulonjera Tiger, chakudya ayambe kulandira ndi iye, ndipo malo ake ogona pakhondepo asalandidwe. Popi mudzimusisita pamene Tiger ali kwina, kufikira zinthu zitakhazikika.

Madzulo aliwonse muziwayendetsa kunja kwa mpanda, inu ndi chingwe cha Popi, bambowo ndi cha Tiger, motalikirana kaye, kenako n'kumayandikizana tsiku ndi tsiku. Pamsewu palibe mwini malo, ndiye mkangano umachepa. Bambowo akamagwira nawo chingwe, mwina nawonso mtima udzafewa.

MtsikanaWaKuNdirande

Zimene anena bambowa n'zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa matenda. Khadi la Popi mwalitchula, nanga la Tiger? Katemera wa chiwewe tonse timamudziwa, kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere kuyambira 2015, koma ameneyo sateteza ku matenda ena oopsa a agalu monga parvo kapena distemper. Izo zili ndi katemera wake kwa dokotala wa ziweto. Galu wochokera kumene kuli agalu ambiri amayenera kukhala payekha pafupifupi masabata awiri, chifukwa matenda ena saonekera msanga. Poti anakumana kale, onse awiri apatseni mankhwala a njoka za m'mimba ndi opha nkhupakupa nthawi imodzi. Mukaona wina wasiya kudya, nkhama zayera, kapena akutsegula m'mimba mwa magazi, musadikire kuti kuche.

Khutulo litsukeni ndi madzi ofunda a mchere pang'ono. Likatupa kapena kuyamba kununkha, apite kwa dokotala. Ndipo akadzagwirananso musalowetsepo dzanja amayi, athireni chidebe cha madzi. Inuyo mukalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala.

Gogo_Chisale

Ine ndingoti mumangirire watsopanoyo pamtengo masiku angapo, mwini khomo amuzolowere fungo. Ife kumudzi timatero.

Bambo_a_Yankho

Agogo, pamenepo ndikupemphani tisiyane maganizo. Galu womangidwa alibe kothawira, Tiger akamulumphira adzavulala kwambiri. Bola kumutsekera m'chipinda kapena kuseri kwa geti la waya, azionana ndi kununkhizana koma osakhudzana.

NaPhiri_Area25

Zikomo nonse. Lero adyera kosiyana ndipo kunalibe phokoso ngakhale pang'ono. Khadi la Tiger ndalipeza, pali chiwewe chokha, ndiye Loweruka tipita naye kwa dokotala. Ndafunsanso kumene ndinamutenga Popi ngati angandionjezere nthawi yomusunga, ndikudikira yankho. Funso lina a Bambo a Yankho: Tiger sanafulidwe. Pa msinkhu wakewu zingathandizebe, kapena tachedwa?