Thandizeni: zovala zachitsulo zoyendera batire za asilikali, nzotheka kapena ndisinthe pulojekiti?

Membala wosatchula dzina:

Moni akuluakulu nonse pagulu pano, makamaka amene munaphunzira za uinjiniya komanso amene munagwirapo usilikali. Ndili chaka chomaliza cha mechanical engineering ndipo sabata ya mawa ndikuyenera kupereka mutu wa pulojekiti kwa supavaiza. Chomwe mtima wanga wakhala ukufuna ndi exoskeleton, chija chovala chachitsulo chomangirira m'miyendo ndi kumsana, chokhala ndi mamota ndi batire, kuti kulemera kwa katundu kuzidutsa m'zitsulo mpaka pansi osati pamsana pa munthu. Achimwene anga ndi msilikali, anabwerako ku mishoni kunja msana ndi mawondo zikuwavuta, pano kuti awerame kumanga nsapato amayamba agwira kaye tebulo, munthu wosakwana ndi zaka 40 zomwe. Ndiye nkhaniyi kwa ine si yamasewera ayi.

Koma ndikamawerenga kwambiri ndikugwa ulesi. General Electric inayesa ndi Hardiman kuyambira 1965 mpaka 1971, chimakina cholemera makilo pafupifupi 680, ndipo sichinayendepo chathunthu munthu ali mkati. DARPA, nthambi ya kafukufuku wa zankhondo ya boma la America, inathira ndalama ku yunivesite ya Berkeley kunatuluka chovala cha m'miyendo chotchedwa BLEEX mu 2004, kenako HULC yomwe Lockheed Martin inatenga mu 2009, ankati msilikali azinyamula nayo makilo 90. Raytheon inaonetsa XOS 2 mu 2010 koma inkafunika chingwe chobweretsa mphamvu kuchokera panja. Ndiye TALOS ija Admiral William McRaven analengeza mu 2013, ya asilikali apadera aku America, inatsekedwa mu 2019 suti yathunthu isanalowe ku nkhondo.

Tsono ndithandizeni, vuto lenileni ndi batire lokha kapena ganizo lonseli ndi lopotoka? Ndipange bondo limodzi lokha la mota kapena ndisiye ndipeze mutu wina? Ndalama ndili nazo zochepa, mamota abwino ndi oitanitsa kunja ndipo nkhani ya forex mukuidziwa nonse.

Injiniya wa ku Johannesburg:

Mphwanga tenga pepala uwerengetse wekha usanagule chilichonse. Batire la lithium labwino limasunga pafupifupi 250 Wh (watt-hour, muyezo wa mphamvu yosungidwa) pa kilo imodzi, petulo amasunga pafupifupi 12,000 pa kilo yomweyo, olo injini itataya zambiri ngati kutentha petulo amapambanabe patali. Tiyerekeze suti yako ikudya 500 W, kuyenda maola 10 ndi 5,000 Wh, ndiye makilo 20 a mabatire okhaokha tsiku limodzi, ndipo mabatire amenewo akunyamulanso ndi sutiyo, zomwe zikutanthauza kuti idyanso magetsi ena. Patrol ya masiku atatu kutchire uchajira kuti? Ukati uike ka injini ka petulo phokoso lake mdani akumvera kutali, ndi chomwe chinagwetsa LS3, loboti yonyamula katundu ya Boston Dynamics yomwe ma Marines, gulu lina la asilikali aku America, anaisiya mu 2015. Choopsa china batire likatha pakati pa njira chitsulo chonsecho chimasanduka katundu wina pamwamba pa chikwama.

Sajeni wopuma:

Mwana wanga pepani za achimwene anu, ife ambiri tikuyenda ndi misana yoteroyo. Koma amene amajambula zinthuzi amaganiza kuti ntchito ya msilikali ndi kunyamula n'kumayenda mowongoka. Si choncho. Mfuti ikalira umadzigwetsa pansi pomwepo, umakwawa ndi zigongono, umagubuduka, umadzuka kuthamanga pang'ono n'kugwanso, umawoloka mtsinje madzi a m'chifuwa, umapanikizana ndi anzako mu galimoto yankhondo momwe malo ake ndi ochepa kale. Chikwama umatha kuchitaya kamodzi n'kamodzi zikavuta, nanga chitsulo chomangirira m'ntchafu uchivula nthawi yanji? Mnzako akavulala pamwendo wamankhwala afika bwanji pabala kuti amange magazi, ndipo amunyamula ndani ndi zitsulo zakezo? Onjezerani matope, fumbi, mvula yosakata, ndi kutentha kwa mkati mwa vesiti yoteteza zipolopolo komwe malaya amachita kufinya.

China chomwe sichilembedwa m'mabuku anuwo. Mfuti, zipolopolo, madzi, chakudya, wailesi ndi mabatire ake, vesiti, chipewa, katundu amadutsa makilo 40 mosavuta. Mukampatsa msilikali mphamvu yonyamula 90, akuluakulu sadzati apume ayi, adzamuwonjezera zipolopolo mpaka zikwane 90, ngati bulu amene ukaona akuyenda bwino umamuikira thumba lina. Komwe ndikuona kuti chingathandize ndi kumbuyo kutali ndi komenyanirana, kositolo, kokweza ndi kutsitsa katundu m'malole, ndi kwa anyamata a mizinga amene amawerama tsiku lonse.

Membala wina:

Komatu musamugwetse mphwayi mnyamatayu. Madroni nawonso anthu ankawatenga ngati zidole, lero ndi amene akulamulira nkhondo ku Ukraine. Mabatire akupita patsogolo chaka ndi chaka, tsiku lina zidzatheka basi. Ife tizingodikira azungu kuti atipangire chilichonse?

Injiniya wa ku Johannesburg:

Achimwene palibe akumuletsa kupanga, tikukambirana choti apange. Ndipo madroni mwatchulawo ndi amene akuipitsiratu nkhani ya suti, ka droni kotchipa kakuboola thanki ya matani oposa 40, ndiye chitsulo chomwe munthu angavale chingatchinge chani? Mamota ndi mabatire amatenthanso, makamera oona kutentha usiku amakuona msanga. Mabatire akusintha inde koma pang'onopang'ono, sakuthamanga ngati mmene mafoni ndi makompyuta anachitira.

Mayi wa fizio:

Ine ndilankhulepo za thupi chifukwa ndi komwe ambiri amapunthwa. HULC ija atayiyesa pa asilikali zinapezeka kuti ankatopa nayo kwambiri kusiyana ndi kuyenda opanda, chifukwa thupi limalimbana ndi makina nthawi zonse akachedwa kapena kufulumira pang'ono chabe. Kilo imodzi kuphazi imatopetsa kuposa kilo imodzi m'chiuno chifukwa mwendo umaiponya sitepe iliyonse. Bondo nalo silipinda pamalo amodzi, limatsetsereka likamapinda, ndiye chitsulo chikaphonya pang'ono malamba amakhula khungu mpaka zilonda. Mota yolakwitsa masamu itha kupinda bondo mobwerera, ndiye musayese pa munthu opanda chotsekera chachitsulo choletsa kupitirira komanso chilolezo cha komiti ya kafukufuku ya pasukulu panu.

Koma werengani ntchito ya Steven Collins ndi Gregory Sawicki ya 2015, anapanga kachida ka pa akakolo kopanda batire, sipuling'i ndi klatchi basi, kanachepetsa mphamvu yomwe munthu amawononga poyenda ndi pafupifupi 7 peresenti. Zikuoneka zochepa koma pa ulendo wautali ndi zambiri.

Za achimwene anuwo chonde asangomwa mapanado, akaonane ndi a fizio. Ngati mwendo ukuchita dzanzi, ukufooka, kapena ayamba kuvutika ndi mkodzo, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo kwambiri mayi, ndawatumizira uthenga wanuwu pompano. A Sajeni zomwe mwanena za kukwawa ndi wovulala sindinaziganizireko n'komwe ndipo zandikhudza. Ndiye mukutanthauza kuti ndisiye za mamota ndipange chopanda batire? Nkhawa yanga ndi yoti supavaiza angaone ngati ndathawa ntchito yovuta.

Mphunzitsi wa pakoleji:

Simunathawe kanthu. Fufuzani SABER, anapanga ndi a Vanderbilt University gulu la Karl Zelik pamodzi ndi asilikali aku America a gulu la 101st Airborne, anayesa mu 2022. Ndi chovala chansalu ndi malamba otamuka odutsa kumsana kukafika m'ntchafu, cholemera kilo imodzi ndi theka osakwana, chilibe mota olo batire. Munthu akawerama malambawo amakokeka n'kusunga mphamvu, akamadzuka amamuthandiza kukankha, ndipo pali kabatani komasula kuti aziyenda kapena kukhala bwinobwino. Anapangira anyamata a mizinga chifukwa chipolopolo chimodzi cha 155mm chimalemera makilo pafupifupi 43 ndipo amanyamula mobwerezabwereza. Chofunika kuona ndi chakuti anayamba afunsa kaye asilikaliwo pomwe pamapweteka. Ku Japan kulinso Muscle Suit ya Innophys yopopera mpweya ndi pampu yapamanja, amagwiritsa ntchito osamalira okalamba ndi alimi.

Kuno kwathu anthu oyesera muli nawo pakhomo pomwe, anyamata otsitsa matumba a makilo 50 a simenti, feteleza ndi chimanga, misana yawo ikuona zomwezo. Zipangizo ndi malamba, nsalu yolimba ndi telala wodziwa kusoka zikwama, forex siyikulowapo kwenikweni. Supavaiza safuna chitsulo chachikulu, amafuna masamu a mphamvu yomwe ikugwera m'munsi mwa msana ndi umboni woti yatsikadi.

Membala wosatchula dzina:

Apa ndiye ndamva. Nanga umboniwo ndiupeza bwanji popanda makina a mulabu yaikulu? Komanso kabatani komasulako ndi komwe sindikukamvetsa kapangidwe kake.

Mphunzitsi wa pakoleji:

Pali timasensa ta EMG totchipa, toyeza mmene minofu ikugwirira ntchito, tolumikiza ku kabodi ka kompyuta kotchedwa Arduino, mumamata paminofu ya m'munsi mwa msana n'kuyerekeza munthu yemweyo atavala ndi asanavale, kulemera kofanana, liwiro lofanana, ndipo muzisinthasintha choyambira kuti kutopa kusakunamizeni. Yambani ndi makilo 10 kapena 15, osati thumba lonse. Lembaninso kugunda kwa mtima ndi zomwe iwo eni akunena za kutentha ndi kukhula kwa malamba m'mapewa. Za kabatani yambani ndi chophweka, chingwe chodutsa pa kachitsulo kamano komwe kamagwira mbali imodzi ndi kumasuka mukakoka kachingwe ka paphewa, owotcherera aliyense waluso akhoza kukuthandizani. Jambulani mutumize pagulu pano Lolemba lisanafike tikuonereni.