Mwana wanga akufuna mpikisano wa njinga zamoto, tiyambire pati?

Abale amene muli kuno ku Joni, ndithandizeni maganizo. Mnyamata wanga ali ndi zaka 11 ndipo mtima wake wonse uli pa mpikisano wa njinga zamoto. Amasirira Brad Binder, katswiri wa mpikisanowu wa kuno ku South Africa, ndiye ndakhala ndikutsatira njira yomwe Binder anadutsa.

Iyeyu anabadwira ku Potchefstroom mu 1995, anayamba ndi tigalimoto ta kart kenaka n'kusamukira ku njinga. Mu 2009 analowa Red Bull Rookies Cup, mpikisano wa achinyamata ku Ulaya, mu 2016 anakhala katswiri wa dziko lonse mu gawo la njinga zazing'ono la Moto3, mu 2019 anathera pachiwiri mu gawo lotsatira la Moto2. Atafika mu gawo lapamwamba kwambiri la MotoGP mu 2020 anapambana ku Brno, ku Czech Republic, pa mpikisano wake wachitatu wokha, ali pa njinga ya KTM. Makwerero onsewa ndikuwamvetsa. Chomwe chandiimitsa mutu ndi poyambira penipeni, mwana asanaonedwe ndi aliyense.

Kodi laisensi ya bungwe loyang'anira mipikisanoyi la Motorsport South Africa amapereka kwa mwana wa pasipoti ya Malawi? Nanga ku mabwalo a mpikisano a Zwartkops kapena Red Star Raceway kuli kalabu yomwe imabwereketsa kanjinga kakang'ono kuti mwana ayese kaye? Ndalama ndiye nkhawa yanga yaikulu. Chipewa, magolovesi, nsapato ndi suti yachikopa ija mwana amazikula msanga, matayala nawo sachedwa kuperepeseka. Mayi ake akuopa ngozi, ndipo sindiwatsutsa.

Amene mwana wanu anayambapo, chaka choyamba munawononga ndalama zingati, ndipo sukulu munaiyendetsa bwanji?