Chithunzi chikunjenjemera ndikachiyandikiza pa Premiere Pro, ndiyambe ndi chiyani?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kukonza makanema pa Premiere Pro.

Ndinajambula munthu akuimba gitala, kamera ili m'manja popanda choimikapo, pa 4K ya 3840 x 2160. Kanema womaliza adzatuluka pa 1920 x 1080, choncho ndinadziwa kuti ndikhoza kuyandikiza chithunzi kawiri osachiwononga. Ndikamaonera chithunzi chonse kugwedezeka sikuoneka kwenikweni, koma ndikangoyandikiza pa zala pamene zikudina nsambo, chimanjenjemera moti maso amatopa msanga. Gawo limeneli ndi limene ndimalikonda kwambiri, ndipo sindikufuna kulitaya.

Warp Stabilizer, chida cha m'Premiere Pro chokhazikitsa chithunzi chogwedezeka, inakana poyamba, ponena kuti kukula kwa kanemayo sikukugwirizana ndi sequence (mzere woyalapo makanema powakonza), ndiye ndinachita nest (kumuika kanemayo mu sequence yakeyake) nditayandikiza kale. Kunjenjemera kunachepadi, koma khosi la gitala linayamba kupindika ngati ndikuliona pansi pa madzi. Kodi ndinalakwitsa ndondomeko yake, kapena kanemayu sangakonzeke?

Yankho:
Akulu, vuto lagona pa ndondomeko. Mutayandikiza, m'chithunzimo munatsala zala zokhazokha zoyenda, ndipo pulogalamuyo inaziyesa kugwedezeka kwa kamera. Ikani kanemayo pa sequence ya 4K, mumukhazikitse akadali wathunthu, chifukwa khoma ndi mpando zomwe sizisuntha ndi zomwe pulogalamu imagwirapo. Mu Warp Stabilizer, chotsani Subspace Warp, yomwe imapotoza mbali zina za chithunzi, musankhe Position, Scale, Rotation, ndipo Smoothness (mlingo wa kusalaza kugwedezeka) muitsitse kuchoka pa 50 kufika cha m'ma 10. Ngati simunayendetse kamera mwadala, yesaninso No Motion, yomwe imaimitsa chithunzi chisasunthe n'komwe. Mukatero ndiye mupititse sequence imeneyo pa 1080 ndi kuyandikiza. Dziwaninso kuti pulogalamu imadula m'mbali n'kukulitsa chithunzi pang'ono, kotero muyandikize mochepera kawiri kuti chisafooke.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri akulu, ndatsatira zonsezo ndipo gitala wasiya kupindika. Chatsala n'chakuti pamalo awiri pomwe dzanja langa linagwedezeka mwamphamvu, chithunzi chimachita mbuu kwa kamphindi ngakhale chili chokhazikika. Shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) inali pa 1/50 ya sekondi, ndiye ndikuganiza kuti mbuuyo inalowa nthawi yojambula. Kodi ilipo njira yoichepetsera, kapena pamalo awiriwo ndingobwerera ku chithunzi chonse?