Helemeti ya welding yoda yokha ija, ndigule kapena ndikhale ndi chishango changa?

Wamageti wa ku Mchesi: Akuluakulu moni. Ndaona helemeti ija imada yokha ukangokhudzitsa rod, kandodo kowotcherera kaja, pachitsulo. Mtengo wake ukundiopsa, ndalama yomweyo ikhoza kundigulira mapaketi angapo a ma rod ndi madisiki a galayinda. Ndimagwiritsa ntchito chishango cha pamanja, koma masiku ano maso akumandizunza usiku, misozi chuchuchu. Amene munagulapo, njaphindu kapena ndi zodzionetsera chabe?

Madala a ku Ndirande: Mwana wanga, galasi lakuda la nambala 10 kapena 11 limateteza mokwanira pa ma rod a 2.5 ndi 3.2 amene timapangira mageti ndi mabagalaba. Chishango chilibe mlandu. Mlandu ndi wako. Pogwirizira felemu umachiika pansi n'kumangotsinzina kapena kupotoza khosi. Moto umakulowa pamenepo.

Mmisiri wa ku Luwinga: Madala mwanena zoona, koma chogulira helemetiyo n'chomwecho. Dzanja lina lagwira holder yopanira rod, lina lagwira chitsulo kuti chisachoke pa sikweya. Logwira chishango lichokera kuti? Tonse timatsinzina, tisanamizane. Helemeti yanga isanade ndimaona bwinobwino pamene ndikuika rod, ikada ndimaonanso mzere. Ntchito yobwereza inachepa.

Madala a ku Ndirande: Yovala kumutu ya galasi wamba ilipo, yotchipa. Umangogwedeza mutu, yatsika.

Mmisiri wa ku Luwinga: Gwedezani mutu tsiku lonse pa mafelemu a sukulu yathunthu, mudzatiuze za khosi.

Kamnyamata ka shopu: Ine ndimangovala magalasi a dzuwa. Maso akawawa ndimaika mbatatesi yoduladula, mawa lake ndili bwino. Ena amati mkaka wa m'mawere umathandiza.

Namwino wa maso: Achimwene, magalasi a dzuwa sanapangidwire moto umenewo, asiyeni. Kuwala kwa welding kuli ndi cheza cha UV chomwe chimawaula khungu lapamwamba la diso, ndipo ululu sumveka pompo. Umadza pakatha maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake umakudzutsani pakati pa usiku diso likumveka ngati mwalowa mchenga. Khungulo limadzipola lokha pa tsiku limodzi mpaka masiku atatu, ndiye mbatatesi ija imangolandira ulemu wa ntchito ya thupi lanu. Kuzizira kwake kokha ndiye kumatonthoza, ndipo kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira, koika pamwamba mutatsinzina, kamachita zomwezo popanda dothi. Mkaka, madzi a shuga, madzi a masamba, musadonthezere m'diso lomwe lili ndi bala. Musatikite. Khalani pamdima, imwani panado. Kuchipatala tikaona kuti n'koyenera timapereka mankhwala opaka monga tetracycline kuti bala lisalowe tizilombo.

Chinanso, pali mankhwala odontheza ochititsa dzanzi amene timagwiritsa ntchito poyeza. Anthu amawakonda chifukwa ululu umatha nthawi yomweyo, koma kuwadontheza mobwereza kunyumba kumachedwetsa kupola ndipo kukhoza kuwononga diso. Ngati ululu sukuchepa pakatha tsiku, ngati mukuona mwachimbuuzi, kapena munali pa galayinda n'kutheka kachitsulo kalowa, pitani ku chipatala. Ku Lilongwe gawo la maso lili pa Kamuzu Central, ku Blantyre pa Queens, ndiponso ku Nkhoma.

Wamageti wa ku Mchesi: Zikomo mayi. Ndiye poti zimapola zokha, si bwino kungopirira ndalama n'kusunga?

Namwino wa maso: Zimapola, koma cheza chomwecho chikamabwerezabwereza zaka zambiri chimathandizira ng'ala. Mu 2017 bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika cheza cha UV cha welding m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'diso.

Wa ku Joni: Gulani aise, koma musagule ndi maso a mtengo okha. Yeniyeni imakhala ndi chizindikiro cha EN 379 kapena ANSI Z87.1, ndipo galasi lake limatchinga UV nthawi zonse, ngakhale batire litafa. Ikachedwa kuda mungothobwa m'maso, osapsa. Yabodza palibe angakulonjezeni zimenezo, ndipo chizindikiro aliyense akhoza kudinda, choncho gulani pa shopu yomwe mungabwezeko. Onani kuti batire limasinthika, zambiri zimalowa tija tozungulira ta CR2032 kapena CR2450. Zomata batire mkati zikafa, zafa. Ya masensa anayi, timaso tozindikira kuwala kuti ide, iposa ya awiri mukamawotcherera pakona pomwe chitsulo chimatchinga. Kuda kwa galasi kusinthike kuyambira nambala 9 mpaka 13. Poyesa, lozetsani rimoti ya TV pamasensa n'kudina, zambiri zimada.

Madala a ku Ndirande: Mwamva? Batire, masensa, rimoti. Changa chikasweka ndimagula kagalasi kokha ku Limbe, ntchito n'kupitirira. Ndipo helemeti yanuyo imteteza mnyamata wokugwirirani chitsulo? Amene amalira usiku kwambiri ndi iyeyo, ndi ana oonerera m'mbali mwa msewu. Malata atsopano ndi khoma loyera zimabweza kuwalako, ngakhale wafulatira chimakupeza.

Mmisiri wa ku Luwinga: Apo sinditsutsa. Ine ndinakhoma thabwa lotchinga kumsewu, mnyamata ndinampatsa chishango chakale.

Wa ku Kanengo: Kwa olembedwa ntchito, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limati zodzitetezera apereke ndi abwana. Musadulidwe pa malipiro.

Wamageti wa ku Mchesi: Bwana wanga ndine ndemwe, ndikadandaula kwa yani? Ndiyamba ndagula yovala kumutu ya galasi wamba, chishango chipite kwa mnyamata. Geti la ku Area 25 akandilipira ndiyang'ana yoda yokhayo. A ku Joni, mudzabwera liti? Mwina mungandinyamulire.

Wa ku Joni: Disembala. Ndikupezerani ndi timagalasi toyera takutsogolo, timatha msanga ndi zothetheka.