Ana asukulu ku Germany ndi nkhani ya mimbulu

Nachisale: Mimbulu inabwerera ku Germany, ndipo ana ake oyamba anabadwa mu 2000 m'chigawo cha Saxony. Lero ana asukulu a kumeneko amakhala nayo pafupi. Kodi mphunzitsi angadziwe bwanji zimene anawo akudziwa ndi mmene akuionera asanayambe kuwaphunzitsa?

Phiri_Sayansi: Mayi Nachisale, mafunso muwagawe pawiri. Gawo loyamba likhale la zimene akudziwa, ndipo pambali pa "zoona" ndi "zabodza" muikepo "sindikudziwa". Mukapanda kutero mwana amangolota yankho, theka n'kukhoza mwamwayi. Gawo lachiwiri likhale la maganizo, mwana asankhe nambala kuyambira 1 mpaka 5 posonyeza mmene akuvomerezera chiganizo chilichonse. Chiganizo chakuti "ndimaopa mmbulu" chisaphatikizane ndi chakuti "mimbulu ikhalebe m'nkhalango yathu", chifukwa mwana akhoza kuvomera zonse ziwiri. Mayina asalembe, apo ayi adzayankha zokondweretsa aphunzitsi. Musawaonetsenso chithunzi asanayankhe. Mudzawafunse kachiwiri patapita masabata angapo.

Nkhalango_DE: Pamene ana amaphonya kwambiri ndi pa kukula kwa mmbulu ndi chakudya chake. Mmbulu wa ku Ulaya umalemera makilogalamu 30 mpaka 50. Gulu lake ndi banja chabe: tate, mayi, ana a chaka chino ndi a chaka chatha. Bere limatenga masiku pafupifupi 63, ana amabadwa kumapeto kwa April kapena mu May, nthawi zambiri 4 mpaka 6, ndipo akafika chaka chimodzi kapena ziwiri amachoka kukafuna dera lawo. Ku Germany umadya makamaka agwape ndi nguluwe.

Phazi lake ndi lalitali masentimita 8 mpaka 10, koma phazi limodzi silitsimikizira kanthu poti la galu wamkulu limafanana nalo. Aphunzitseni kutsata mzere: mmbulu umayenda molunjika mtunda wautali, phazi lakumbuyo kuponda pamene laponda lakutsogolo, pomwe galu amangokhotakhota. Ndowe zake zimakhala ndi ubweya ndi tizidutswa ta mafupa.

Banda_Ziweto: Bambo Phiri anena bwino, koma muwonjezere funso lakuti kwawo amaweta chiyani. Mwana amene makolo ake anataya nkhosa mukamuuza kuti mmbulu suvuta, samveranso china chilichonse. Muuzeni zoona: umagwira nkhosa, ndipo chotchinga ndi mpanda wa magetsi wa masentimita 90 kapena 120. Waya wam'munsi usapitirire masentimita 20 kuchokera pansi, popeza mmbulu umakonda kukwawira kunsi osati kudumpha. Udzu ukakhudza waya, mphamvu imathawira pansi.

Mantha amachepa mwana akadziwa chochita. Akakumana nawo asathamange. Aime, awombe m'manja, alankhule mokweza, kenaka abwerere chafutambuyo pang'onopang'ono, galu ali pachingwe. Asaupatse chakudya ngakhale kamodzi, chifukwa ukazolowera anthu mapeto ake ndi kuphedwa, ngati mmbulu wina umene anauwombera m'chigawo cha Lower Saxony mu 2016.