Ndikufuna kugulitsa akaunti yanga ya eFootball, koma mtengo wake ukundiwawa

Wometa wa ku Nsungwi

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masabata awiri tsopano, ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena omwe munadutsamo kale.

Ine ndimameta tsitsi ku Area 25, kufupi ndi msika wa Nsungwi. Malo ometerawo si anga, ndimagwirira munthu, madzulo timagawana zomwe zapezeka. Mpira wa pa foni ndinauyamba mu 2020, gemuyi ikadatchedwa PES, nthawi ya Covid ija makasitomala atachepa. Konami, kampani yopanga gemuyi, itasintha dzina kukhala eFootball mu 2021 ndinapitirira nawo. Chaka choyamba sindinaikemo ngakhale tambala. Koma magetsi akathima, makina ometera ali zii, timakhala pa benchi panja anthu anayi kapena asanu, aliyense foni m'manja, n'kumapikisana pa gemuyi. Mnzanga wina anali ndi katswiri wakale Vieira pakati pa timu yake, ndipo ine sindinkadutsa ngakhale ndiyese bwanji. Tsiku lina anandichinya zigoli zisanu ndi chimodzi anthu akuonerera. Usiku womwewo ndinagula makoini, ndalama za m'gemu, koyamba.

Kwa amene simusewera, zimayenda chonchi. Amatulutsa bokosi la osewera 150, m'katimo muli akatswiri atatu okha omwe aliyense akuwafuna, aja amawatcha Epic. Kutola kamodzi ndi makoini 100, ndipo sudziwa chomwe chituluke. Ukhoza kumupeza pa ulendo wachiwiri, ukhozanso kufika pansi penipeni pa bokosi. Gullit, mmodzi wa akatswiri amenewa, ndinamupeza nditatola maulendo oposa 110. Ndikukumbukira bwino chifukwa ndalama yomaliza inali ya makala, ndipo sabata imeneyo mkazi wanga anaphikira nkhuni zopempha kwa aneba.

Ndilibe khadi la ku banki logulira zinthu kunja, choncho ndinkatumiza ndalama pa foni kwa mnyamata wina wa m'tauni, iye n'kundiikira makoini. Sabata yatha ndinatenga kope lomwe timalembamo ngongole za makasitomala, n'kuyamba kutsatira mauthenga onse a ndalama zomwe ndinamutumizira. Zomwe ndinakwanitsa kupeza zakwana K640,000, osawerengera bandulo.

Pano ndapeza kachipinda cha ku Dzenza komwe ndikufuna kutsegula malo anga ometera. Eni nyumba akufuna lendi ya miyezi itatu pamodzi, K135,000. Kuwonjezera makina awiri, galasi, mpando ndi batire loti ndizigwira ntchito magetsi akathima, ndikufunika K300,000. Chinthu chokhacho chomwe ndingagulitse ndi akaunti imeneyi. Ndinaika zithunzi za timu pa gulu lina la WhatsApp. Ambiri akunena K60,000 kapena K70,000. Wokwera kwambiri wanena K120,000, akuti ali ku Blantyre, koma akufuna ndimupatse kaye imelo ndi pasiwedi kuti aone ngati osewerawo alimodi.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi K120,000 ndi mtengo woyenera pa chinthu chomwe chadya K640,000? Nanga ndingagulitse bwanji popanda kuberedwa?

Wa kabaza wa ku Kawale

Achimwene, pasiwedi musapereke. Ndayamba ndi chimenechi kuti ngakhale musiyire pompa kuwerenga mukhale mwamva. Munthu wofuna kuona timu mumuimbire vidiyo pa foni ya mnzanu, muloze kamera pa foni yanu, aone osewera mmodzimmodzi. Akakana zimenezo ndiye kuti sakufuna kugula.

Ine ndinapsa mbali inayo, monga wogula. Chaka chatha ndinagula akaunti pa K85,000, ndalama yomwe ndinasunga miyezi iwiri pa njinga yamoto. Panali ndi mkhalapakati, amene ankayang'anira gulu lathu la WhatsApp. Ndinatumiza ndalama kwa iye, wogulitsa anandipatsa zolowera, ndinasintha pasiwedi, ndinatsimikiza kuti zonse zili bwino, mkhalapakati n'kupereka ndalama atachotsapo K5,000 yake. Ndinasewera masabata atatu. Tsiku lina ndili pa siteji ku Biwi kudikira makasitomala, ndikutsegula gemu ndinangoona ikundifunsa zolowera ngati mlendo. Pasiwedi yanga inakana. Wogulitsa uja anali atasunga imelo yomwe anatsegulira akauntiyo, ndiye anangopempha pasiwedi yatsopano n'kutenganso katundu wake. Nambala yake inazima tsiku lomwelo. Mkhalapakati anati ntchito yake inathera tsiku logula. Patapita mwezi ndinaiona timu yomweyo, ndi dzina lomwe ndinaipatsa ine, ikutsatsidwa pa gulu lina.

Kodandaula kunalibe. Ukalembera eni gemu kuti ndinagula akaunti ndiye andilanda, wadziulula wekha, chifukwa malamulo awo salola kugulitsana maakaunti. Ichi n'chifukwa chake ogula akukupatsani ndalama zochepa: aliyense akuopa kuti mudzachita zomwe anandichita ine. Mukapeza wogula wa konkuno ku Lilongwe, woti mukumane maso ndi maso masana, kaya ku Gateway Mall kaya pamalo anu ometera pomwepo, mtengo ukhoza kukwerako chifukwa akudziwa kokupezani.

Wokonza mafoni wa ku Malangalanga

Amwene, ndikuyankhani funso loyambalo, ngakhale yankho lake silikoma. K640,000 ija siili mu akauntimo. Inagula mwayi wotola m'bokosi, ndipo mwayiwo munaugwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Wogula sakulipira maulendo 110 omwe munatola, akulipira Gullit mmodzi yemwe anatuluka. Komanso makhadi amakalamba. Chaka chilichonse amatulutsa atsopano amphamvu kuposa akale, nthawi zina wosewera yemweyo m'khadi lina. Wosewera amene ankaopsa mu 2022 lero anthu amamuika pa benchi. Wogula wodziwa amawerenga osewera omwe angalowe m'timu yake lero, enawo sawawerengera n'komwe. Ndikaona mitengo yomwe anyamata amagulitsirana pano pa benchi yanga, K120,000 si yonyozeka, ngati ili yeniyeni.

Chinanso chomwe chinakudyerani ndalama ndi dola. Makoini amagulidwa ndi ndalama yakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anyamata ogulitsa makoiniwa ambiri dola yawo saipeza pa mtengo wa ku banki. Ndiye makoini omwewo munkawalipira mochuluka chaka ndi chaka, pamene ogula akaunti ndi anzathu omwewa olandira makwacha. Kugula kuli m'madola, kugulitsa kuli m'makwacha.

Za mabokosizi si ife tokha tikudandaula. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi olipira ndalama osadziwa chotuluka ndi juga, ndipo mu Januwale 2019 kampani ya EA inasiya kugulitsa FIFA Points, makoini a gemu yake ya mpira ya FIFA, m'dzikomo. Apple kuyambira 2017 ndi Google Play kuyambira 2019 amalamula opanga magemu kuti azionetsa mwayi wopeza chinthu munthu asanalipire. Manambala amenewo amakhalapo ndithu, koma ndi angati mwa ife amawawerenga chala chili kale pa batani?

Tsopano mvetsetsani ichi, chifukwa ndi chomwe chimandibweretsera anthu akulira. Akaunti yanu imamangidwa ku Konami ID, yomwe ndi akaunti yolowera ya eni gemu, ndipo Konami ID imamangidwa ku imelo. Ambiri munatsegulira pa Gmail yomweyo yomwe muli manambala onse a m'foni, zithunzi za ana, ndi njira yobwezeretsera Facebook. Wogula wochenjera adzafuna imeloyo, pa chifukwa chomwe anena a kabaza pamwambapa. Mukaipereka, mwapereka moyo wanu wonse wa pa foni. Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wa ku Chinsapo amene anachita zimenezi. Wogula analowa pa Facebook yake n'kuyamba kulembera abale kuti wagonekedwa m'chipatala, atumize ndalama pa nambala yachilendo. Azakhali ake anatumiza. Choncho musanakambe za mtengo, onani kaye kuti akaunti ili pa imelo iti.

Funsaninso mtima wanu za mnyamata amene ankakuikirani makoiniyo. Ngati mitengo yake inali yotsika modabwitsa, dziwani kuti ena amagula ndi makhadi obedwa, ena amagula kenako n'kukapempha kuti ndalama ibwezedwe. Zikadziwika, chomwe chimatsekedwa ndi akaunti yomwe inalandira makoiniwo. Ikadzatsekedwa ili kale m'manja mwa wogula, adzabwera pakhomo panu.

Mayi wa ku Area 49

Mwanawe, ine gemu sindiidziwa, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, koma ndalowa nawo chifukwa nkhaniyi inafika m'nyumba mwanga. Mwana wanga wa Fomu 2 amasewera gemu ina ya pa foni yotchedwa Free Fire. Ankadziwa PIN yanga chifukwa ndinkamutuma kukatapa ndalama kwa ejenti ndikatopa. M'mwezi umodzi anachotsa K38,000, pang'onopang'ono, K3,000 lero, K5,000 mkucha, n'kumafufuta mauthenga. Ndinazindikira tsiku la banki m'khonde, amayi anzanga atakhala pa mkeka akudikira kuti ndiponye gawo langa, ine ndikuyang'ana m'foni muli K1,200. Ndinachita manyazi osaneneka. Nditamufunsa analira, n'kundionetsa zomwe anagula: zovala za kamunthu ka m'gemu ndi mfuti yopakidwa mitundu. Anati anzake onse m'kalasi ali nazo, ndipo amene alibe amamuseka.

Sindinamumenye. Ndinakhala naye pansi tinawerengera limodzi kuti K38,000 ndi masiku angati a ine kuimirira pa bolodi. Pambuyo pake ndinawerenga kuti ku America, mu Disembala 2022, kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inavomera kupereka madola 245 miliyoni obwezera anthu omwe analipitsidwa zinthu zomwe sanafune kugula, kuphatikizapo makolo omwe ana awo anagula popanda chilolezo. Kumeneko makolo anali ndi kokadandaula. Ine ndalama yanga inapita kwa munthu wa pa WhatsApp yemwe sindinamuonepo nkhope.

Pempho langa ndi limodzi. Ukamagulitsa, funsa zaka za wogulayo. Akakhala mwana wa sukulu amene wabwera ndi K120,000, ndalama imeneyo ndi ya mayi wina, mwina ndi fizi. Usailandire. Za malo ometerawo ndakondwera nazo kwambiri, Mulungu akutsogolere. Ngati uli m'gulu la banki m'khonde kapena mkazi wako alimo, yambira kumeneko kusaka mpamba usanathamangire katapila.

Wa ku Area 23

Ine maganizo anga ndi osiyana ndi enawa. Musagulitse. Mukagulitsa, pakatha mwezi mudzatsegula akaunti yatsopano, anzanu a pa benchi aja adzakuchinyani ndi timu yaulere, ndipo mudzayambiranso kugula kuchokera pansi. Ndinaziona kwa mkulu wanga, anagulitsa kawiri konse. Timu muli nayo kale yolimba. Ingosiyani kuikamo ndalama, muzitola makoini aulere omwe amapereka pa zochitika za m'gemu. Mwawerenga nokha kuti pa zaka zinayi munkataya pafupifupi K13,000 pamwezi. Imeneyo muziipereka kwa akazi anu tsiku lomwe mwalandira.

Wometa wa ku Nsungwi

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Mayi a ku Area 49, mawu anu andikhudza, chifukwa pa anthu omwe anandilembera, awiri zithunzi zawo ali mu yunifolomu ya sukulu. Amenewo ndawauza kuti sindigulitsa.

Wa ku Blantyre uja ndinamuuza kuti tiimbirane vidiyo aone timu. Anati kamera yake ndi yowonongeka. Nditati ayitane mnzake wokhala ndi foni yabwino, anawerenga uthengawo osayankha, ndipo m'mawa uno chithunzi chake sichikuonekanso.

Achimwene a ku Malangalanga, mwalasa. Ndayang'ana, Konami ID yanga ili pa Gmail yanga yeniyeni, momwe muli zithunzi za ukwati wathu ndi manambala a makasitomala onse. Imeneyo sindingapereke kwa munthu.

Dzulo madzulo ndinamuonetsa mkazi wanga kope lija. Sanakalipe. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati sabata ya nkhuni ija ilimo. Ndinati ilimo. Kenako anati ku gulu lawo akhoza kubwereka K100,000 mwezi uno, koma ndalama ya pamwezi yomwe anena a ku Area 23 izipita kwa iye kuti azibwezera.

Pali kasitomala wanga wina, bambo wa banja amene amagwira ntchito ku Kanengo, ndimamumeta Loweruka lililonse. Waiona timu m'manja mwanga ndipo wanena K150,000, theka pano, theka pakutha pa mwezi. Amadziwa komwe ndimakhala, inenso ndimadziwa kwawo. Ndamuuza poyera kuti eni gemu salola zogulitsanazi ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa, iye wati akudziwa. Sindinavomere, ndamupempha andipatse mpaka Loweruka. Eni kachipinda aja nawo andipatsa mpaka pa 30.

Achimwene a ku Malangalanga, mumatsegula nthawi yanji Lachisanu? Ndikufuna ndibwere ndi foniyi tione limodzi ngati akauntiyi ingachoke pa imelo yanga kupita pa ina yatsopano, ndisanamuyankhe bamboyu.