Telesikopu yanga ikuonetsa nyenyezi zamichira

Wa ku Kapata: Abale, ndinabwera ndi telesikopu ya mtundu wa Newton (ya magalasi awiri: lalikulu la mamilimita 130 m'lifupi ndi kakang'ono) pa basi kuchokera ku Lusaka. Chifikireni ku Chipata, nyenyezi iliyonse ikuoneka ndi kamchira, pulaneti ya Saturn nayo ili mbuu. Mtima ukundiwawa. Kodi yawonongeka?

Wa ku Katete: Ayi achimwene, magalasi angosuntha ndi mabampu. Boolani kabowo pakatikati pa chivindikiro chaching'ono cha poyang'anirapo, muchiikepo n'kusuzumira pakabowopo. Yambani ndi kusuntha kagalasi kakang'ono mpaka galasi lalikulu lizioneka lonse. Kenako tembenuzani masikulu atatu akumbuyo kwa galasi lalikulu, pang'onopang'ono.

Wa ku Petauke: Muzikonza itagona chammbali. Ine sipanala inandipulumuka n'kukanda galasi, mpaka lero ndimadandaula. Usiku lozani nyenyezi yowala, musokoneze dala focus (pochunira kuti zinthu zioneke bwino): nyenyeziyo ioneka ngati mizere yozungulira, ndipo kamthunzi kakuda kakhale pakatikati pa mizereyo.

Wa ku Kapata: Zikomo akuluakulu, usiku wathawu Saturn waoneka bwinobwino!